Kagwiritsidwe Ntchito ka AI Polemba ndi Kusunga Mafayilo pa Ntchito Yosamalira Anthu

Aliyense amene wagwirapo ntchito yosamalira anthu amadziwa kuti ulendo wokaona banja sumatha pamene mwatsanzikana ndi eni nyumba. Umathera pa desiki, nthawi zambiri dzuwa litapendeka kale, pamene zonse zimene mwaona ndi kumva zikuyenera kulowa mu fayilo zisanasokonekere m'mutu ndi za banja lina limene mwaliona tsiku lomwelo. Ntchito yolembayi imadya nthawi yambiri, ndipo n'chifukwa chake zida za nzeru zochita kupanga, zimene ambiri amangozitchula kuti AI, zalandiridwa msanga m'maofesi kuyambira pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT pa 30 Novembala 2022. Zidazi zimatha kumvetsera zokambirana n'kuzitayipa, kufupikitsa masamba ambiri kuti akhale ndime zochepa, ndiponso kuwongola chiganizo chopotoka kuti chimveke bwino. Ku Britain makhonsolo angapo akugwiritsa kale ntchito pulogalamu ya Magic Notes ya kampani ya Beam, imene inapangidwira ntchito imeneyi, ndipo maofesi ena amadalira Microsoft Copilot.

Komabe fayilo ya munthu ndi yolemera kuposa kalata wamba. Woweruza milandu akhoza kuiwerenga asanagamule kumene mwana akakhale, mnzanu amene adzalowe m'malo mwanu adzaikhulupirira popanda kukufunsani, ndipo mwana amene mukulemba za iye lero akhoza kudzaipempha atakula kuti adziwe zimene zinamuchitikira. Malangizo otsatirawa aima pa mfundo imodzi yokha: chida chikhoza kukulemberani, koma liwu lililonse limene latsala mu fayilo mutasaina ndi lanu, ndipo ndinu amene mudzaliyankhire.

Choyamba, dziwani chida chimene ofesi yanu yavomereza

Musanalembe dzina la munthu aliyense mu pulogalamu ya AI, funsani woyang'anira ntchito yanu ngati ofesi ili ndi chida chovomerezeka, ndipo yankho lake mulilandire lolembedwa. Ngati palibe chida chotero, musalowetse nkhani za anthu amene mukuwathandiza mu pulogalamu ya ulere imene mwaika nokha pa foni kapena imene mwatsegula pa intaneti ndi akaunti yanuyanu. Zimene mwalembamo zimachoka m'manja mwanu n'kupita ku makompyuta akuluakulu osungira zinthu (maseva) a kampani ina, kawirikawiri m'dziko lina, ndipo m'mapulogalamu ambiri a ulere kampaniyo imatha kuphunzitsira makina ake pa zolembazo pokhapokha mutaletsa nokha. Ngakhale mutaletsa, ofesi yanu ilibe mgwirizano uliwonse ndi kampaniyo, choncho ilibe mphamvu yolamula kuti zolembazo zifufutidwe kapena yofunsa amene anaziona.

Zimene zinachitika m'chigawo cha Victoria ku Australia n'zofunika kuti wogwira ntchitoyi aliyense azidziwe. Mu Seputembala 2024, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu m'chigawocho, ya Office of the Victorian Information Commissioner, inatulutsa zotsatira za kafukufuku wokhudza wogwira ntchito yoteteza ana amene anagwiritsa ntchito ChatGPT polemba lipoti lopita ku khothi la ana. Iye analowetsa mayina ndi nkhani zachinsinsi za banja mu pulogalamuyo, kumene kunali kulakwa kale, koma panali vuto lina loopsa kuposa pamenepa. Lipotilo linatchula chidole china ngati umboni wakuti makolo ankayesetsa kupezera mwana wawo zoseweretsa zoyenera msinkhu wake, chonsecho zinali zitanenedwa kuti bambo wa mwanayo ankachigwiritsa ntchito pa zachiwerewere. Chinthu chimene chinayenera kuchenjeza khothi chinalembedwa ngati chiyamikiro. Ofufuzawo ananena kuti mwamwayi cholakwikacho sichinasinthe chigamulo, komabe analamula dipatimenti yoona za mabanja kuti itsekere ogwira ntchito yoteteza ana ChatGPT ndi zida zina zofanana nayo.

Ngati ndinu amene mukusankhira ofesi chida, funsani kampani yogulitsayo kuti mawu ojambulidwa ndi zolembedwa zimasungidwa m'dziko liti ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji, ngati imaphunzitsira makina ake pa nkhani za anthu anu, ndani mwa antchito ake amene angatsegule fayilo, komanso zimene zidzachitikire mafayilowo mgwirizano ukadzatha. Mayankho ake akhale mu mgwirizano wosainidwa, chifukwa zimene zalembedwa pa tsamba lotsatsira malonda sizimanga munthu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mayiko a European Union lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limafuna kuti bungwe liunike ndi kulemba ngozi zimene zingakhalepo lisanayambe kugwiritsa ntchito luso latsopano pa nkhani zimene zingaike anthu pa chiopsezo chachikulu, ndipo nkhani za umoyo limaziteteza mwapadera. Mayiko enanso ali ndi malamulo awo, monga la Kenya la mu 2019 ndi la South Africa lotchedwa POPIA. Pezani la dziko limene mukugwiramo ntchito, muliwerenge pamodzi ndi malamulo a ofesi yanu.

Chachiwiri, gawani ntchito: ya chida ndi yanu

Chida chimathandiza pa ntchito zimene mungathe kutsimikizira nokha poyerekezera ndi gwero lake. Kutayipa zokambirana, kuika mfundo zanu m'magawo a fomu, kusanja zochitika motsatira madeti kuchokera mu fayilo yaikulu, kukonza kalembedwe ka kalata yotumiza munthu ku bungwe lina, zonsezi zili ndi poyerekezera, kotero kuti cholakwika chikalowa mukhoza kuchigwira.

Ntchito zimene simuyenera kupereka kwa chida ndi zoweruza. Kaya mwana ali pa ngozi, kaya kholo likunena zoona, kaya munthu wokalamba angathe kudzisankhira yekha zochita, kaya banja liyenera kulandira thandizo kapena ayi, amenewa ndi mafunso anu ndi a woyang'anira wanu. Chida mukachifunsa chimayankha ndithu, ndipo chimayankha ngati chotsimikiza, koma sichinalowe m'nyumbamo, sichinaone mmene mwana anakhalira duu pamene munthu wina analowa, ndipo sichidzaima pa khothi kuti chifunsidwe mafunso. Dziko la Netherlands linaona mapeto a kudalira makina pa kuweruza anthu: mabanja masauzande ambiri ananamiziridwa kuti anaba ndalama za boma zothandizira kulera ana, makina ounikira ankatenga ngakhale dziko limene munthu ndi nzika yake ngati chizindikiro chomukayikirira, ndipo mu Januwale 2021 boma la nduna yaikulu Mark Rutte linatula pansi udindo chifukwa cha nkhaniyi. Lamulo la European Union loyendetsera AI, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024, limaika makina ounika amene ali woyenera kulandira thandizo la boma m'gulu la makina a chiopsezo chachikulu.

Malire amenewa savuta kuwanena, koma amavuta kuwasunga, chifukwa kufupikitsa nkhani nakonso ndi kuweruza pang'ono. Amene wasankha kuti mfundo iyi ilowe m'chidule ndipo iyo itsale wasankha kale zimene woweruza adzaone. N'chifukwa chake gawo lachisanu ndi chimodzi m'munsimu ndi lalitali kuposa ena.

Chachitatu, pemphani chilolezo musanajambule mawu

Munthu amene mukukambirana naye ali ndi ufulu wodziwa kuti pali makina amene akumvetsera. Muuzeni musanatsegule chojambulira, ndipo mumuuze m'mawu osavuta: kuti foni kapena kompyuta ijambula zimene mukambirane, kuti pulogalamu izitayipa ndi kuzifupikitsa, kuti inuyo muwerenga ndi kukonza zonse zisanalowe mu fayilo, ndiponso kuti mawu ojambulidwawo adzafufutidwa pakatha masiku akutiakuti. Mutchule masiku enieni amene ofesi yanu inakhazikitsa. Kenako nenani momveka kuti akhoza kukana, ndipo kukanako sikuchepetsa thandizo limene alandire.

Chiganizo chomalizachi muchinene ndi mtima wonse, chifukwa munthu amene akuopa kuti alandidwa mwana kapena amanidwa thandizo amavomera chilichonse chimene wa ku ofesi wapempha. Mukaona kuti wavomera mwamantha, kapena kuti wayamba kuyankha mwachidule ndi kumangoyang'ana foni ili pa tebulo, zimitsani ndi kutenga cholembera. Ngati mukukambirana ndi mwana, chilolezo chichokere kwa amene lamulo limamupatsa udindo umenewo, komabe mwanayo naye mumufotokozere pa msinkhu wake ndipo mumvere ngati sakufuna. Ngati m'chipindamo muli anthu ena, aliyense adziwe. Pa nkhani za nkhanza za m'banja muganizire kawiri, popeza mawu ojambulidwa akagwa m'manja olakwika akhoza kuika moyo wa wodandaulayo pa ngozi m'njira imene pepala lokhomeredwa mu kabati silingachite.

Lembani mu fayilo kuti chilolezo chinapemphedwa, tsiku lake, ndi yankho limene linaperekedwa. Mfundo za makhalidwe a ntchitoyi zimene bungwe la ogwira ntchito yosamalira anthu pa dziko lonse, la International Federation of Social Workers, linavomereza mu 2018 zimatchula mwachindunji kuti luso la makono likhoza kusokoneza chinsinsi cha munthu, ndipo zimaika udindo wopewa zimenezi pa wogwira ntchito.

Chachinayi, pa nthawi ya zokambirana musasiye cholembera

Chojambulira chimamva mawu okha. Sichiona kuti m'nyumba mulibe chofunda, kuti pa mkono wa mwana pali bala, kuti mayi anayang'ana pa khomo asanayankhe, kapena kuti agogo sanathe kuimirira popanda kugwira khoma. Zinthu zotere muzilembe nokha pomwepo kapena mukangotuluka, pamodzi ndi nthawi imene munafika ndi kuchoka, mayina a amene analipo m'kalembedwe kake koyenera, manambala monga zaka, madeti ndi kuchuluka kwa mankhwala, komanso mawu ochepa ofunika kwambiri amene munthu ananena monga mmene anawanenera. Timapepala timeneti ndi timene mudzayezere nato zimene chida chidzatulutse.

Ikani chojambulira pakati, kutali ndi wailesi kapena zenera la ku msewu, ndipo poyamba pemphani aliyense atchule dzina lake kuti pambuyo pake muthe kusiyanitsa mawu. Anthu akamalankhula onse pa kamodzi, chida chimasokoneza amene wanena chiyani.

Nkhani ya chinenero ndi yofunika kuiyesa musanadalire chida chilichonse. Makina otayipa mawu amamva bwino chinenero ndi katchulidwe kamene anaphunzitsidwa kwambiri. Kafukufuku wa akatswiri a ku yunivesite ya Stanford wa mu 2020 anayesa makina a Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft, ndipo anapeza kuti ankaphonya mawu pafupifupi 35 pa 100 alionse a anthu akuda a ku America, pamene kwa azungu ankaphonya 19, ngakhale kuti onsewo ankalankhula Chingerezi. Ngati kusiyana kuli kotere m'chinenero chimodzi, ganizirani mmene zilili ndi zinenero zimene makinawo sanaphunzire mokwanira. Pulogalamu ya Whisper, imene OpenAI inatulutsa mu 2022 ndipo zida zambiri zotayipa mawu zinamangidwa pa iyo, ili ndi Chiswahili ndi Chishona pa mndandanda wa zinenero zake, koma Chichewa palibe. Choncho jambulani kukambirana kongoyerekeza ndi mnzanu wa mu ofesi, m'chinenero ndi kalankhulidwe ka anthu amene mumawathandiza, kuphatikizapo kusakaniza zinenero monga mmene anthu amachitira, kenako muwerenge zimene zatuluka. Ngati n'zosokonekera, musajambule zokambirana zenizeni; m'malo mwake mukatuluka mulembe kapena mulankhule nokha mfundo zanu m'chinenero chimene chidacho chimamva bwino, ndipo chingokuthandizani kuzisanja.

Chachisanu, chiuzeni chida zochita ndi zosayenera kuchita

Chida chikapatsidwa malangizo osamveka chimadzaza mipata ndi zimene chikuganiza kuti lipoti lotere limakhala nazo. Choncho malangizo anu akhale othina. Mwachitsanzo mukhoza kulemba kuti: "Sanja mfundo zili m'munsizi m'magawo anayi: zimene ndinaona ndi maso anga, zimene munthu aliyense ananena ndi dzina la wonenayo, maganizo anga, ndi zimene tagwirizana kuchita pamodzi ndi madeti ake. Usawonjezere mfundo iliyonse imene mulibe m'zolembazi. Gawo la maganizo anga ulisiye lopanda kanthu. Pamene sipakumveka, lemba kuti sipakumveka, usalote. Mawu amene ali m'zizindikiro zogwira mawu usawasinthe." Malangizo otere muwasunge kuti ofesi yonse izigwiritsa ntchito amodzimodzi, ndipo muziwakonza mukaona cholakwika chimene chikubwerezabwereza.

Kulekanitsa zimene munaona, zimene munauzidwa ndi zimene mukuganiza ndi mwambo wakale wa kalembedwe kabwino ka mafayilo, ndipo AI yangowonjezera kufunika kwake. Chida chimakonda kusalaza nkhani kuti iziyenda bwino, ndipo posalazapo chiganizo chakuti "woyandikana nawo nyumba akuti bambo amabwera ataledzera" chimasanduka "bambo amabwera ataledzera". Mawu anayi okha achoka, koma mphekesera yasanduka umboni.

Lowetsani zokhazo zimene ntchitoyo ikufuna. Ngati mukungofuna kukonza kalata, musakweze fayilo yonse ya zaka zisanu. Ena amaganiza kuti akachotsa dzina ndiye kuti abisa munthu, koma msinkhu, matenda, chiwerengero cha ana, ntchito ya kholo ndi dera zikaphatikizidwa zimaloza munthu mmodzi mosavuta, makamaka kumene anthu amadziwana. Kuchotsa mayina n'kwabwino ngati chitetezo chowonjezera mu chida chovomerezeka, koma sikusandutsa pulogalamu yosavomerezeka kukhala yovomerezeka. Komanso munthu aliyense akhale ndi kukambirana kwakekwake mu chidacho: mukapitiriza kulemba za banja lachiwiri pa tsamba limene munalembapo za banja loyamba, mfundo za mabanja awiriwo zikhoza kulowana.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani ngati munthu amene sakukhulupirira

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu otopa amadumpha. Werengani tsiku lomwelo, zokambiranazo zikadali m'mutu, timapepala tanu tili pambali. Zolakwika zoonekeratu, monga liwu lopanda tanthauzo pakati pa chiganizo, sizidetsa nkhawa kwenikweni chifukwa diso limazigwira lokha. Zoopsa ndi ziganizo zosalala, zomveka ngati za katswiri, zimene zili zabodza.

Yambani ndi kufunafuna zimene zawonjezeredwa. Makina amenewa nthawi zina amalemba ziganizo zathunthu zimene palibe ananena. Mu Okutobala 2024 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linalemba za vutoli mu Whisper, imene zida zina za m'zipatala zinkagwiritsa ntchito, ndipo kafukufuku wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cornell m'chaka chomwecho anapeza kuti pafupifupi chimodzi pa zolembedwa 100 zilizonse chinali ndi mawu opeka, ena mwa iwo onena za chiwawa. Anapezanso kuti zimenezi zinkachitika kwambiri pamene wolankhula ankakhala chete kwa nthawi yaitali pakati pa mawu. Mfundo imeneyi ikutikhudza mwachindunji, chifukwa anthu amene timakambirana nawo ndi amene amaima pakati pa chiganizo: mayi amene akulira, mwana amene akufunafuna mawu, munthu amene anadwala sitiroko. Choncho chiganizo chilichonse chimene simukukumbukira kuti chinanenedwa muchifufuze m'mawu ojambulidwa, ndipo ngati mulibe, chichotseni.

Kenako funafunani zimene zasowa, ndipo apa m'pamene timapepala tanu timagwira ntchito. Chida chimaona kufunika kwa mfundo malinga ndi kuchuluka kwa nthawi imene yakambidwa, pamene pa ntchito yathu mfundo yaikulu kawirikawiri imanenedwa kamodzi kokha, motsitsa mawu, mukunyamuka kale. Munthu akhoza kukamba za lendi kwa theka la ola, kenako n'kungoti mwachidule masiku ena amaona kuti kuli bwino kungofa. Chidule cha makina chikhoza kukhala ndi ndime ziwiri za lendi popanda liwu limodzi la chiganizo chomalizacho.

Onaninso amene wapatsidwa mawu alionse. Ngati funso lanu lakuti "kodi amakumenyani?" lalembedwa ngati mawu a mayi akuti "amandimenya", fayilo yanena zimene mayiyo sananene. Samalaninso ndi kukana, chifukwa kusiyana kwa "anamumenya" ndi "sanamumenye" kwagona pa timawu tating'ono timene chojambulira chimaphonya mosavuta m'chipinda cha phokoso. Mayina, zaka, madeti, mayina a mankhwala ndi kuchuluka kwake muziyerekezere chimodzichimodzi ndi zimene munalemba pamanja. Ngati zokambirana zinali m'chinenero china ndipo fayilo ikulembedwa m'china, mawu ofunika kwambiri muwasunge monga ananenedwera, kumasulira kwanu kubwere pambali pake, kuti wowerenga wodziwa chinenerocho athe kudziweruzira yekha.

Pomaliza mvetserani kamvekedwe ka lipotilo. Zida zimenezi zinaphunzitsidwa kulemba mofatsa ndi molimbikitsa, ndipo khalidwe limeneli limafewetsa ngozi, monga zinachitikira ndi chidole cha ku Victoria chija. Pamene munalemba kuti ana atatu sanadye kuyambira dzulo, chida chikhoza kulemba kuti banjali likukumana ndi zovuta zina pa nkhani ya chakudya. Nthawi zinanso chimapita mbali inayo, n'kumata munthu mawu oweruza monga "wosagwirizanika" kapena "waukali" pamene munthuyo anangofunsa mafunso ambiri. Mawu otere amakakamira mu fayilo kwa zaka, ndipo aliyense wobwera pambuyo panu amafika kwa munthuyo ali kale ndi maganizo. Ine ndimaona kuti njira yabwino yoyesera chiganizo ndi kudzifunsa ngati mungathe kuchiwerenga mokweza pamaso pa mwini wake komanso pamaso pa woweruza popanda kusintha liwu.

Pa malipoti opita ku khothi pali chenjezo lina lapadera. Musalole chida kukutchulirani ndime za malamulo, milandu yakale kapena kafukufuku popanda inu kutsegula gwero lake n'kuona ndi maso anu. Mu 2023 khothi lina ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 atapereka chikalata chotchula milandu imene sinachitikepo, imene ChatGPT inangopeka. Ngati maloya anagwa m'mbuna imeneyi, wogwira ntchito yosamalira anthu amene akulemba usiku akhozanso kugwamo.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani maganizo anu nokha, kenako musaine

Gawo la maganizo lija munalisiya lopanda kanthu mulidzaze ndi manja anu: zimene mukuona kuti zikuchitika m'banjalo, chifukwa chimene mukuganizira choncho, mphamvu zimene banjalo lili nazo, zimene zikukudetsani nkhawa, ndi zimene simunathe kutsimikizira. Pali chifukwa china chochitira zimenezi kupatula kusunga malamulo. Ambiri mwa ife timazindikira tanthauzo la zimene taona pamene tikulemba; ndi pa desiki pamene munthu amakumbukira kuti nkhani ya lero ikusemphana ndi imene anauzidwa mwezi watha. Mukapereka kulemba konse kwa makina, mwaperekanso nthawi yoganizayo, ndipo kwa ophunzira ntchito kutaya kumeneku n'kwakukulu kwambiri.

Musanasaine, onjezerani mzere wonena kuti zolembazi zinakonzedwa mothandizidwa ndi chida chakutichakuti, ndipo inuyo munaziwerenga ndi kuzikonza pa tsiku lakuti. Mzerewu umathandiza ngati patsogolo padzapezeka kuti chidacho chinali ndi vuto linalake, chifukwa ofesi idzadziwa mafayilo oyenera kuwaunikanso. Ngati n'kotheka, muwerengereni mwini nkhaniyo chidule chake pa ulendo wotsatira. Iye ndi amene angagwire msanga pamene palakwika, ndipo malamulo ambiri oteteza zinsinsi amamupatsa ufulu woona ndi kukonzetsa zimene zalembedwa za iye.

Chachisanu ndi chitatu, sungani choyenera kusunga ndi kufufuta chotsala

Kukambirana kumodzi kumabala zinthu zingapo: mawu ojambulidwa, mawu otayipidwa, chidule cha makina, timapepala tanu, ndi lipoti lomaliza. Ofesi igamule mwa kulemba kuti fayilo yeniyeni ndi iti, ndiponso kuti zotsalazo zisungidwa masiku angati. Lipoti losainidwa lilowe m'malo ovomerezeka osungira mafayilo, ndipo zotsalazo zifufutidwe pa nthawi yake, mu chida, pa foni, mu foda ya zinthu zotsitsidwa pa intaneti, ndiponso kumene foni imadzisungira yokha makope pa intaneti, malo amene ambiri amaiwala. Koma ngati nkhaniyo ili ku khothi kapena ku polisi, musafufute kanthu musanafunse, popeza mawu ojambulidwawo akhoza kukhala umboni. Foni ndi kompyuta zikhale zokhoma ndi mawu achinsinsi olimba, ndipo aliyense akhale ndi akaunti yake kuti zidziwike amene anatsegula fayilo iti.

Mukazindikira kuti mwalowetsa nkhani za munthu mu chida chosavomerezeka, kapena foni yokhala ndi mawu ojambulidwa yatayika, uzani woyang'anira wanu tsiku lomwelo. Pansi pa GDPR bungwe limakhala ndi maola 72 okha oti lidziwitse akuluakulu oteteza zinsinsi kuchokera pamene ladziwa za vutolo, ndipo malamulo a mayiko ena alinso ndi malire awo a nthawi. Mukapeza cholakwika mu lipoti limene munasaina kale, musachifufute mwakachetechete: lembani chowonjezera chokhala ndi deti, chonena chimene chinalakwika ndi choona chake, ndipo dziwitsani aliyense amene analandira lipoti loyambalo.

Kwa oyang'anira, mwezi uliwonse tengani mafayilo angapo mwachisawawa pamene mawu ojambulidwa asanafufutidwe, muyerekezere lipoti ndi mawuwo, ndipo mulembe mtundu wa cholakwika chilichonse chimene mwapeza: chowonjezeredwa, chosowa, mawu opatsidwa munthu wolakwika, kapena ngozi yofewetsedwa. Muchite zimenezi makamaka kampani ikasintha pulogalamu yake, chifukwa chida chimene chinkachita bwino mwezi watha chikhoza kuchita mosiyana chikasinthidwa. Muonenso nthawi imene ikudutsa pakati pa kutuluka kwa chidule cha makina ndi kusainidwa kwake. Lipoti la masamba atatu limene lasainidwa patangotha mphindi imodzi silinawerengedwe, ndipo mwini wake muyenera kukhala naye pansi kuti muliwerengere limodzi.